Bedi lopachikika kudenga: sabata imodzi m'galaja ya ma motorhome

Nyengo ya tchuthi ikamayandikira, galaja yathu imadzaza ndi ma motorhome, zigalimoto zija zokhala ndi khitchini, bafa ndi pogona m'kati mwake. Eni ake amabwera kuti tiwaunikire zonse asanayambe ulendo wautali. Za injini ndi mabuleki amaona anzanga. Ine gawo langa ndi la m'nyumbamo: gasi, madzi, magetsi a 12V, mipando ndi mabedi. Sabata yathayi chimene chinandidyera nthawi kwambiri ndi bedi lopachikika kudenga, lija amalitsitsa usiku n'kulikweza m'mawa.

Anthu amalikonda bedi limeneli, ndipo ndimawamvetsa. Masana silidya malo, usiku limagoneka anthu awiri akuluakulu. M'galimoto zina limakhala pamwamba penipeni pa dalaivala ndi mnzake wakutsogolo. M'zina limakhala pamwamba pa tebulo, pomwe pali mipando ya malamba yokhalapo ana paulendo. Kulikonse kumene lili, pansi pake pamakhala mutu wa munthu. Ma motorhome ambiri a ku Ulaya amamangidwa pa Fiat Ducato, Ford Transit kapena Mercedes Sprinter, koma bedilo silichokera kwa opanga vaniyo. Amaliika ndi amene amamanga nyumbayo, pa zitsulo ndi mabawuti awoawo, choncho kulimba kwa vani sikutiuza kanthu za kulimba kwa bedi.

Lolemba kunabwera bambo ena achikulire, galimoto yawo yosamalidwa bwino zedi. Dandaulo lawo linali limodzi lokha.

"Achimwene, tikadutsa pa hampu pali chimene chikugogoda kudengaku. Ndafufuza m'makabati monse, sindikuchipeza."

Bedi lawo linali lamagetsi. Mota yaing'ono imazunguza chitsulo chachitali, chitsulocho n'kumakulunga malamba anayi, ngodya iliyonse lamba wake. Nditadina batani, bedi linakwera bwinobwino n'kuima, koma pakati pa ilo ndi malo ake panatsala mpata wolowa zala ziwiri. Nditalitsitsa ndinapezapo mabulangete awiri ochindikala, mapilo, matawulo, ndi chikwama cha zovala chitabisala pakati pa zonsezo. Zofundazo zinkayamba kufika kudenga bedi lisanafike, mota n'kuima poti yakumana ndi chotchinga. Loko wogwira bedilo kudenga sankalowa. Ndinawaitana kuti adzionere okha ndi tochi. Kachitsulo ka loko kanali kakuda konse kupatula kunsonga, komwe kanali katapekeseka mpaka kuwala. Kwa miyezi kakhala kakungokhudza m'mphepete mwa bowo lake osalowamo. Chimene ankamva chikugogoda chinali bedi lathunthu likudumpha pa malamba ake.

"Komatu limakwera mpaka pamwamba," anatero.

"Kukwera likukwera, bambo, koma silikutsekeka. Mota ntchito yake ndi kunyamula bedi galimoto itaima. Kuligwira pamsewu ndi ntchito ya loko."

Mawu amenewa ndinawabwereza kwa anthu angapo sabata yonseyo. Alipo mabedi ena amagetsi omwe alibe loko wapadera, amagwidwa ndi magiya a mota yomweyo, ndipo buku la galimoto limanena zimenezo. Koma ngakhale amenewo anapangidwa kuti poyenda akhale atafika pamapeto penipeni, atatsamira denga, osati akulendewera. Bedi likamalendewera, dzenje lililonse pamsewu limakoka malamba ndi mabawuti mwadzidzidzi, ndipo zinthuzi sizinapangidwire ntchito yotero.

Anthu ambiri sakhulupirira kukula kwa mphamvu yake chifukwa bedili amatha kulikankha ndi dzanja limodzi. Galimoto ikaomba chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola, chilichonse chosamangidwa chimapitiriza ulendo pa liwiro lomwelo. Zimenezi n'zofanana ndi kugwa kuchokera pamalo otalika pafupifupi mamita 10. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yowononga imawirikiza kanayi. Lamulo la United Nations loyesera mipando ya galimoto, Regulation 17, limafuna kuti mpando usazuke ngakhale utakokedwa ndi mphamvu yochuluka ka 20 kuposa kulemera kwake. Mukatenga muyeso womwewo pa bedi ndi matiresi zolemera, tinene, makilogalamu 60, mupeza makilogalamu 1,200 akukoka kachitsulo kamodzi. Chikwama chija nachonso chimakhala ndi ulendo wake, ndipo kutsogolo kwake kuli khosi la dalaivala. Bambowo anachitsitsa okha chikwamacho. Tinasiyapo shiti ndi bulangete limodzi lopyapyala, bedi linakwera, loko anati kapa.

Lachiwiri linatha ndi paipi ya gasi yong'aluka ndi zenera lolowetsa mvula. Za bedi sindinakhudze.

Lachitatu ndilo limandizungulirabe m'mutu. Inali galimoto ya mtundu uja wa galasi lalikulu kutsogolo, momwe bedi limatsika pamwamba pa chiwongolero, mipando yakutsogolo itapindidwa. Ili linalibe mota. Limakwezedwa ndi manja, mothandizidwa ndi timashoko tiwiri ta gasi, ngati tija timagwira chitseko cha buti kuti chisakugwereni. Nditapukuta ndodo ya kashoko kakumanja, chala chinanyowa mafuta. Ndinalikankhira bedi m'mwamba n'kulisiya. Linakhala kanthawi, kenaka linayamba kutsika pang'onopang'ono mbali ya dalaivala. Ndinafunafuna lamba womangira bedilo, uja amakola pa chingowe chakudenga, ndipo ndinakamupeza kunsi kwa matiresi, akali watsopano, mopindika mwake momwe anachokera ku fakitale musanafufutike. Galimoto ya zaka zambiri, lamba wosamangidwapo n'kamodzi komwe.

Mwini wake, mnyamata wamsinkhu wanga, anati, "Silinagwepo chiyambire, aise."

Ndinamuuza kuti ndikumukhulupirira, koma chimene chinaligwira nthawi yonseyo ndi timashoko tomwe tsopano tatopa. Gasi wa m'katimo amatuluka pang'onopang'ono zaka zikamapita, ndipo kukazizira mphamvu yake imacheperanso. Bedi limene likuoneka kuti lakhazikika masana kukutentha likhoza kuyamba kutsika m'bandakucha. Ndipo pa galimoto yotereyi sikofunika kuti ligwe lonse ayi. Lingotsika pang'ono pabuleki yadzidzidzi, n'kumugunda dalaivala pamutu kapena kumutsekera theka la galasi, ngozi yachitika kale, ndipo yakhudzanso anthu a m'galimoto zina omwe bedilo sanalionepo. Timashokoto tinasintha tonse tiwiri. Ukasintha kamodzi, katsopano kamakankha kwambiri kuposa kakale, bedi limapendekeka, mahinjesi n'kuyamba kudyeka mbali imodzi. Lamba uja ndinamutulutsa pansi pa matiresi n'kumusiya akulendewera poonekera, pamene dalaivala sangalephere kumuona pokhala pampando.

Lachinayi ndinalandira galimoto yogulidwa kwa mwini wachiwiri kapena wachitatu. Ma motorhome ena atsopano ali ndi alamu kapena kanyale kochenjeza injini ikalira bedi lili pansi, ndipo ena amadula magetsi a mota ya bedi injini ikangoyaka, kuti mwana asadine batani galimoto ikuyenda. Pa iyi ndinatsitsa bedi, ndinaliza injini, zii. Nditatsegula kabati yapambali ndinapeza waya wa alamu atadulidwa mwaukhondo, nsonga zake zitakulungidwa ndi tepi. Amene anadula ankadziwa chimene akuchita. Chifukwa chake ndinachipeza posachedwa: kaswichi kamene kamamva kuti bedi lafika pamwamba kanali katapindika, motero alamu inkalira ngakhale bedi litatsekeka. Munthu anatopa ndi phokoso n'kuona kuti chapafupi ndi kudula waya. Kuwongola kaswichiko sikunanditengere nthawi yaitali. Izi ndi zimene zimandipweteka pa ntchitoyi, chifukwa wogula mosadziwa amayenda ndi mtima uli m'malo, akuganiza kuti chinachake chikalakwika galimoto imuuza.

Pa galimoto yomweyo ndinatambasula malamba onse mpaka kumapeto, kuwapisa pakati pa zala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Atatu anali bwino. Wachinayi, wakumbuyo kumanzere, anali atayamba kusosoka m'mphepete chifukwa ankakulungika mopendama n'kumakhula pa chitsulo. Lamba wotere sasokedwa, samatidwa, amangochotsedwa. Ndinawaimbira eni ake kuwauza kuti galimoto igona m'galaja mpaka malamba atsopano afike. Sanasangalale, ulendo wawo unali utakonzedwa kale. Ndinawafunsanso ngati akudziwa kumene kuli chogwirira chokwezera bedi ndi manja batire ikatha kapena fyuzi ikapsa. Sankadziwa kuti chilipo. Umu ndi momwe anthu amapezekera pamsewu bedi lili pakati, akuti "tingofika pa galaja yapafupi".

Lachisanu abwana anandipempha kuti ndionetse banja lina momwe galimoto yobwereka imagwirira ntchito. Ana atatu anathamangira pamakwerero, n'kuyamba kukanganirana malo pamwambapo. Mayi awo anandikokera pambali.

"Achimwene, tikufuna kuyenda usiku. Anawa sangagone pamwambapo ife tikuyendetsa? Si pali ukondewu?"

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo amafunsa ndi makolo okonda ana awo, ofuna kuti anawo apume. Ndinawayankha mosapita m'mbali.

"Ayi, mayi. Galimoto ikamayenda aliyense akhale pampando wa lamba, lambayo atamangidwa. Ukondewu gwirani muone."

Anaugwira. Ndi nsalu ya timabowo yokola pa tizingowe ting'onoting'ono. Ntchito yake ndi kutchinga munthu wogubuduka m'tulo galimoto itaima. Mwana wolemera makilogalamu 25, pangozi ya muyeso uja, amakankha ngati theka la tani, ndipo tizingowe timeneti sitingamugwire. Akadutsa ukondewo, kutsogolo kwake kuli galasi. Muyeso wa ku Ulaya wa chitetezo cha m'kati mwa ma motorhome, EN 1646-1, umanena za zotchinga pa mabedi okwera, koma nkhani yake ndi ya munthu wogona galimoto ili chiimire. Mabuku a galimotozi amachenjezanso za ana aang'ono, makamaka osakwana zaka 6, pa mabedi apamwamba ngakhale usiku pamalo ogona. Ndiponso bedi la galimoto yawoyo likatsika limaphimba mipando ya malamba ija, ndiye kuti mwana mmodzi akagona pamwamba, enawo alibenso pokhala potetezeka.

Ndinawawerengetsa malamba. Kuchuluka kwa malo ogona ndi kuchuluka kwa mipando ya malamba ndi nambala ziwiri zosiyana, ndipo m'galimoto zambiri, makamaka zakale, mabedi amaposa malamba. Nambala yoyendera pamsewu ndi ya malamba. Iwo anali asanu, malamba asanu, zinakwanira. Mipando ya ana tinaimanga pomwepo ine ndikuona. Ndinawasonyezanso kapepala komatidwa m'mbali mwa bedi kolembapo kulemera komwe bedilo limanyamula, n'kuwakumbutsa kuti kulemerako ndi kwa galimoto itaima, bedi litatsika pamalo ake ogonera. Bambo a anawo ndinawapempha kuti akweze bedi okha, amange lamba, achotse kakiyi ka swichi ya bedi n'kukaika m'thumba, kenaka agwire m'mphepete mwa bedi ndi manja awiri n'kukokera pansi mwamphamvu. Ulendo woyamba linagwedera, pilo anali atatsalira kumbuyo. Wachiwiri linakhala nji. Makwerero tinawaika m'kabati yake yotsekeka, chifukwa nawonso ndi chitsulo chimene chimauluka.

Loweruka timagwira theka la tsiku. Ndinatenga mnyamata wathu wophunzira ntchito kukayesa galimoto ya Lachitatu ija. Iye anakhala kumbuyo atamanga lamba, maso ali pa bedi, ine ndikudutsa pa mahampu ndi kuponda mabuleki pamsewu wopanda anthu. Bedi silinasunthe. Titabwerera ndinamupatsa sipanala yoyezera kuti akhwimitse mabawuti a mahinjesi malinga ndi buku, n'kupaka kadontho ka penti pa bawuti iliyonse kuti chaka chamawa tidzaone ngati ina yatembenuka. Galimoto ya lamba wososoka ikadali pakona, bedi lake litatsamira pa matabwa awiri, fyuzi ya mota ili mu drowa yanga. Malamba ake akuti afika Lachiwiri.