Lipoti lathu lidzafika ku Geneva, koma ku Half Tree Hollow silinafike

Sabata ino inayamba monga mwa masiku onse pano pa St Helena, chilumba cha Britain cha m'nyanja ya Atlantic. Lolemba ndi Lachiwiri ndinali pa kompyuta kusonkhanitsa ziwerengero za ana zimene a ku London anapempha kuti zilowe mu lipoti la ufulu wa ana. Anzanga a ntchito iyi mukudziwa kuti chilumba chonga chino sichipita chokha ku Geneva, kumene kuli komiti ya United Nations younika momwe maiko akutsatirira pangano la ufulu wa ana. Boma la Britain ndilo limayankhira zilumba ndi madera ake 14 akutali, komanso Jersey, Guernsey ndi Isle of Man. Kuyambira 2014 bungwe la United Nations linalamula kuti lipoti limene dziko limapereka pakapita zaka zingapo lisapitirire mawu 21,200. Ndiye taganizani, England, Scotland, Wales, Northern Ireland, kenako ife anthu osakwana 5,000 pakati pa nyanja. Masamba khumi amene ndimalemba amatsala mizere yowerengeka. Zimenezo ndinazizolowera.

Chimene chandivutitsa mtima n'cha Lachitatu madzulo. Tinaitana makolo kuholo ku Half Tree Hollow, dera lina la pachilumba chino, kuti timve maganizo awo. Anabwera anthu asanu ndi awiri. Mayi wina anakhala kumapeto, chikwama chili pamiyendo, osayankhula mpaka titatsala pang'ono kutseka. Mwana wake ndi wolumala, ndipo thandizo lalikulu amakalipeza ku South Africa, ulendo wodalira ndege imene mphepo ikakula siitera n'komwe. Anandifunsa modekha kuti, "Pangano mukunenali, ndi la ana a ku England okha kapena ndi wanganso?"

Ndinauma pakamwa. Pangano la ufulu wa ana linayamba kugwira ntchito pachilumba chino mu 1994, mwana wakeyo asanabadwe. Ndime 42 imati boma lidziwitse akulu ndi ana omwe za ufuluwo. Ndime 44 imati lipoti lifalitsidwe kwa anthu. Komiti ya ku Geneva inaunika Britain mu 2023 n'kupereka malangizo ake, koma mayiyu sanamvepo ngakhale liwu limodzi. Ine amene ndimalandira malipiro chifukwa cha ntchito imeneyi, dzina la mwana wake ndinalisandutsa nambala m'tebulo, mwini wake osadziwa.

Lachinayi m'mawa ndinalowa kwa abwana ndi pempho laling'ono: tisindikize tsamba limodzi lofotokoza malangizo aja m'mawu osavuta, tiike kusukulu, kuchipatala ndi m'masitolo, tigulenso mphindi makumi awiri pa wailesi. Anandiyankha kuti ndalama zimenezo mulibe mu bajeti, ndingoika linki pa intaneti. Linki! Chikalata cha masamba ambirimbiri, Chingelezi cha maloya, kwa mayi amene usiku wonse amakhala akutembenuza mwana pabedi. Kwathu ku Malawi tili ndi mavuto athu, koma nkhani ya ufulu wa ana ndinkaimva pa wailesi m'Chichewa, agogo anga nawonso akumvera.

Lachisanu ndinatumiza ziwerengero ku London nthawi isanakwane, zonse zili m'malo mwake, ndipo anandithokoza pa imelo. Nditaweruka ndinalemba tsamba lija ndekha, n'kusindikiza makope 40 pa pirinta yanga yakunyumba mpaka inki inayamba kuzilala. Loweruka ndinakwera mtunda kukampatsa mayi uja loyamba. Analiwerenga ataimirira pakhomo, chala chikutsata mzere uliwonse, kenako anandipempha ena awiri oti akapatse anzake kutchalitchi.