Kulemba mbiri ya moyo wako ndi kuijambula: zaka, mapu ndi makala

Amene akulemba yekha mbiri ya moyo wake, popanda kampani yosindikiza mabuku yomuthandiza, amayamba kupunthwa pa zaka. Mutu umasunga fungo la gaga ndi kulira kwa ngolo, koma chaka umataya. Pa zonse zimene ndaphunzira pa ntchitoyi, iyi ndi imene ndimaiona yofunika kuyambirira: musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, tengani pepala lalitali mulembepo zochitika zimene chaka chake sichikayikitsa. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971. Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981. Referendamu ya nyali ndi tambala wakuda inali pa 14 June 1993, sukulu yaulere ya pulayimale inayamba mu 1994, Kamuzu anamwalira mu November 1997, ndipo njala imene inagoneka anthu pa ADMARC inafika pachimake kumayambiriro kwa 2002. Chilichonse chimene mwakumbukira muzichipachika pakati pa zikhomo zimenezi.

Akuluakulu musawafunse chaka. Adzakupatsani nambala pofuna kungokusangalatsani. Funsani motere: "Agogo, mmene munkamanga chigafa chakumadzulo chija, Kamuzu anali akadali moyo?" Yankho lake limabwera ndi nkhani ina imene simunaiyembekezere. Jambulani mawu awo pa foni mutawapempha kaye, ndipo musapitirire mphindi 40 pa ulendo umodzi, chifukwa ola limodzi la mawu limadya maola anayi kapena asanu kulikopera pa pepala. Ambiri amaunjika zojambulidwa za miyezi itatu, kenako mtima n'kugwa ulesi.

Apa ndi pamene kujambula zithunzi kumathandiza kulemba. Musanalembe za kwanu, jambulani mapu a mudzi monga unalili muli mwana: nyumba ya agogo, nkhokwe, mtengo wa mango, kanjira kopita kudambo, pamene panali chitsime mjigo usanabwere. Dzanja likafika pa chigafa limakukakamizani kuyankha mafunso amene cholembera chikanawalumpha. Mizati inali ingati? Fodya wa bale ankamupachika kutalika bwanji, moti mwana n'kudutsa pansi osawerama? Mapuwo mukawaonetsa kwa azakhali adzakutsutsani, adzati nkhokwe inali kuseri kwa khitchini, ndipo mkangano umenewo ndiwo umatulutsa zoona. Ine ndimaona kuti mutu wa m'buku wolembedwa pambuyo pa mapu umakhala ndi nthaka pansi pake, wowerenga amadziwa pamene waima.

Mukafuna kujambula zithunzi ndi makala, dziwani kuti makala ophikira ndi olimba, amakanda pepala. Ojambulira mutha kuwotcha nokha. Dulani timitengo touma tonenepa ngati pensulo, totalika masentimita 10, muchotse makungwa, mutithithikize m'chitini chokhala ndi chivundikiro. Boolani kabowo kamodzi pa chivundikirocho ndi msomali, muike chitinicho pa moto pafupifupi ola limodzi mpaka utsi utasiya kutuluka. Osatsegula chikadali chotentha: mpweya ukalowa, timitengo timayaka n'kusanduka phulusa. Chithunzi cha makala chimafufutika ndi chala chokha, choncho chipopereni mankhwala a tsitsi opopera aja, muli patali masentimita 30, kawiri mopepuka. Mukayandikira kwambiri pepala limanyowa n'kupindika. Mankhwalawa amachititsa pepala chikasu pakapita zaka, ndiye chijambuleni kaye pa foni, panja pamthunzi, osayatsa fulashi.

Chopweteka n'chakuti makina a fotokope ndi osindikizira otchipa sagwira bwino mthunzi wotuwa. Nkhope ya mayi imene munaisalaza ndi chala mpaka masaya kuoneka ofewa imatuluka ili chibanthu chakuda, maso osaoneka. Zithunzi zolowa m'buku ndi bwino kuzibwereza ndi bolopeni yakuda kapena inki, mthunzi muziupanga ndi timizere topingasana. Pozisikana musatsike pansi pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), ndipo potumiza pa WhatsApp zitumizeni ngati document, apo ayi zimafinyidwa n'kutaya timizere tija.

Za buku lenilenilo n'zachidule. Pepala la A4 likapindidwa pakati limapereka masamba anayi a A5, choncho chiwerengero cha masamba chizigawika ndi 4. Tsamba limodzi limanyamula mawu pafupifupi 250 mpaka 300. Buku likapitirira masamba 60, masitepulo salitsekanso bwino, pamafunika kumata ndi guluu, ndipo musiye masentimita awiri mbali ya msana kuti mawu asamezedwe. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lanu pakati pa mabuku ena onse, imatengedwa ku National Archives ku Zomba.

Mbiri yanu ili ndi anthu ena m'kati, ena a iwo ali moyo ndipo mudzakumana nawo pa maliro. Nkhani za chikamwini chimene chinatha moipa, ngongole ya feteleza, kapena tenanti amene anachoka pa esiteti osalipidwa, muziwawerengera eni ake musanasindikize. Akakana, sinthani dzina ndi mudzi, kapena muichotse. Zithunzi nazonso zimaulula munthu: mungasinthe dzina, koma mukajambula chipsera cha pachipumi ndi mpango umene amavala Lamlungu, mudzi wonse udzamuzindikira.