Masipika a pa shelefu ndi momwe bizinesi yathu inasinthira

Ine ndi mkazi wanga tinayamba ndi ntchito yokonza mawailesi ndi maampulifaya owonongeka, ine ndikugwira sikuludilaiva ndi chowotchera mtovu, iye akulemba m'buku katundu aliyense wolowa ndi wotuluka. Chimene chinatikokera ku masipika ang'onoang'ono oika pa shelefu chinali pempho limene makasitomala ankabwera nalo mobwerezabwereza. Iwo ankafuna kumvetsera nyimbo ndi kuonera mafilimu pabalaza pawo mawu akumveka bwino, koma analibe malo oimikapo masipika aatali a pansi, ndiponso ndalama zawo zinali zowerengeka.

Katundu woyamba amene tinaoda ndinamusankha ndi maso. Pa makatoni panalembedwa mawati 3,000 ndi zilembo zinayi zakuti PMPO, zoimira mphamvu ya kamphindi chabe imene opanga amati sipika ingafike, ndipo ndinakhulupirira kuti nambala yaikulu chotere idzakopa anthu. Inawakopadi, koma miyezi itatu isanathe masipikawo anayamba kubwerera. Sindiiwala bambo wina wachikulire amene anaika sipika yake patebulo panga mwakachetechete, nandiuza kuti oimba akumveka ngati atsekeredwa m'chipinda china. Nditamasula zomangira zinayi za kutsogolo, fungo la waya wopserera linandilasa m'mphuno, ndipo koyilo ya tweeter, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu osongoka, inali itada bii. Bokosi lenilenilo linali la thabwa lopyapyala, lopepuka moti ndinalinyamula ndi zala ziwiri.

Cholakwa chinali changa, chifukwa sindinawafunse bamboyo za ampulifaya imene anali nayo kunyumba. Ampulifaya yofooka ikakakamizidwa kukweza mawu kuposa mphamvu yake imadula nsonga za mafunde a mawu, ndipo phokoso lokanda limene limabadwa pamenepo limathamangira ku tweeter mpaka kuiwotcha. Nambala ya PMPO ilibe muyezo umodzi umene opanga onse amatsatira, choncho aliyense amalemba imene wafuna. Mawati a RMS, amene amasonyeza mphamvu yopitirira osati ya kamphindi, ndiwo amene munthu angayerekezere nawo zinthu ziwiri. Tinabweza ndalama kwa onse amene anadandaula, ndipo chaka chimenecho mpamba wathu unatsala pang'ono kutheratu.

Miyezi yotsatira ndinaithera pa kuwerenga ndi kumvetsera. Ndinapeza kuti nambala yothandiza kwambiri ndi ija yosonyeza kukwera kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, munthu ataima mita imodzi kutsogolo kwake. Masipika ambiri a pa shelefu amakhala pakati pa 84 dB ndi 89 dB, ndipo kusiyana kwa 3 dB kokha kumatanthauza kuti sipika ya nambala yotsikayo idzafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuti imveke mofanana ndi inzake. Nambala ina ndi ya maohm, yosonyeza momwe sipika imakanizira magetsi kudutsa. Sipika ya maohm 4 imakoka magetsi ambiri kuposa ya maohm 8, ndipo ampulifaya yotsika mtengo imatentha msanga ikalumikizidwa nayo. Lero sindilola kasitomala kunyamula sipika ndisanaone chithunzi cha kumbuyo kwa ampulifaya yake.

Ndinakondwanso kudziwa kuti vuto lotulutsa besi m'kabokosi kakang'ono linavutitsa anthu kalekale. M'chaka cha 1954, Edgar Villchur wa ku America, pamodzi ndi Henry Kloss, anayambitsa kampani ya Acoustic Research, ndipo sipika yawo ya AR-1 inali bokosi lotsekedwa kotheratu, momwe mpweya wa m'kati umagwira ntchito ngati sipuling'i yobweza woofer, sipika yaikulu yotulutsa besi, m'malo mwake. Masipika ambiri otsika mtengo a masiku ano amatsata njira ina, yokhala ndi chibowo chotulutsira mpweya chimene chimawonjezera besi, ndipo apa ndi pamene dzina lakuti sipika ya pa shelefu limasocheretsa anthu. Chibowocho chikakhala kumbuyo, ndiye n'kukankhira sipikayo m'shelefu yothinana ndi khoma, besi imafufuma n'kumiza mawu a woimba. Kwa amene alibe malo ena koma shelefu yeniyeni, timawapatsa sipika ya chibowo cha kutsogolo, kapena timatseka cha kumbuyocho ndi siponji.

Chimene chinadzutsa bizinesi yathu ndi kachipinda komvetsera. Tinachotsa katundu m'chipinda chosungiramo zinthu, tinayala kapeti, tinapachika makatani olemera, n'kuika mpando umodzi pamalo akuti mtunda wochoka pa mpandowo kufika pa sipika iliyonse ufanane ndi mtunda wa pakati pa masipika awiriwo, ma tweeter ali pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi. Timapempha kasitomala kubwera ndi nyimbo imene amaidziwa bwino, chifukwa khutu silinamizika pa mawu amene lawazolowera. Ndimasamala kwambiri kuti masipika oyerekezedwa akwere mofanana, popeza yokwera pang'ono imamveka ngati yabwino ngakhale isali yotero. Asanakhale pansi, ndimawauza agogode bokosilo ndi chala. Bokosi labwino la MDF, thabwa lolemera lopangidwa ndi utuchi wopanikizidwa, limayankha mogontha, pamene lopyapyala limalira ngati ng'oma, ndipo kulira kumeneko kumasakanikirana ndi nyimbo.

Kutsika mtengo sikutanthauza kuti sipika inapangidwa mosasamala. Andrew Jones, katswiri amene anapangapo masipika odula kwambiri, ndiye anapanganso Pioneer SP-BS22-LR ndi ELAC Debut B6 ya mu 2015, zonse zolingana ndi thumba la munthu wamba, ndipo zimenezi ndi zimene zinanditsimikizira kuti luso la wopanga limaposa kunyezimira kwa bokosi. Kwa amene alibe ampulifaya timawaonetsa masipika okhala ndi ampulifaya m'kati mwake, monga ena a Edifier, amene amangolumikizidwa ku TV kapena kompyuta.

Pa nkhani ya mafilimu ine ndi mkazi wanga tinasiyana maganizo kwa nthawi ndithu. Iye ankafuna kuti tizigulitsa maseti athunthu a 5.1, poti makasitomala amawafunsa. Ine ndinkaona kuti ndalama yomweyo ikagawidwa pa timabokosi tisanu ndi subwoofer, bokosi la besi yokhayokha, palibe ngakhale kamodzi kamene kamamveka bwino. Tinagwirizana kuti tizilangiza anthu kuyamba ndi masipika awiri abwino, okhala ndi woofer ya mainchesi 5 kapena 6.5, amene besi yawo imatsika mpaka cha m'ma 50 Hz (nambala ya Hz ikachepa, besi imakhala yakuya) ndipo akaikidwa bwino mawu a ochita sewero amamveka ngati akuchokera pakati penipeni pa TV. Subwoofer imabwera pambuyo pake, n'kutenga mawu onse a pansi pa 80 Hz, kenako sipika ya pakati ya kampani yomweyo.

Bambo wachikulire uja anabweranso patapita zaka ziwiri. Tinapita kukawaikira masipika atsopano kunyumba kwawo, ndipo nyimbo itayamba besi inali yosowa. Nditayang'ana kumbuyo ndinapeza kuti mdzukulu wawo, pothandiza, anasinthanitsa waya wofiira ndi wakuda pa sipika ya kumanzere, moti ma woofer awiriwo ankalimbana, wina akukankha mpweya wina akuukoka. Nditabwezeretsa mawayawo, bamboyo anakweza dzanja kundiletsa kulankhula, ndipo anakhala chete mpaka nyimbo yonse itatha.