Thobwa la bambo pa Tsiku la Anakubala

Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, ife abambo timangokhala olondera galimoto pakhomo pathu pomwe. Ana amafika atasenza zitenje, mapoto, belo la shuga, zonsezo kulunjika kwa mayi awo. Iwe amakupatsa moni ndi dzanja limodzi, linalo likujambula mayi pa foni.

Chaka chimenecho tchuthi chinalumikizana ndi mapeto a sabata, ndiye ana onse analonjeza kudzagona kuno ku Matawale: wachisamba kuchokera ku Lilongwe ndi mwamuna wake, mnyamata wa ku Blantyre, ndi mzime amene amaphunzira ku yunivesite pa Chirunga pompa koma timamuona pokhapokha ndalama zikamuthera. Wa ku Blantyre uja anawonjezera pa foni kuti abwera ndi "mnzake woti amayi amuone". Tonse tinamva.

Ndinalengeza kuti chaka chino nanenso dzina langa limveke. Thobwa ndiphika ndine.

Mayi akunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Inuyo bambo? Thobwa?"

Ndinawakumbutsa kuti ndinakulira m'manja mwa agogo anga ku Jali, gogo amene thobwa lawo linkalimitsa munda wonse tsiku limodzi. Ndinatsika kumsika waukulu wa Zomba, kugula chimera cha mawere, kubwera kudzatereka sefuliya. Phala la mgaiwa ndinaphika bwinobwino, kulidikira lizizire mpaka chala chizitha kupirira, kenako kuthira chimera n'kuvundula. Chimera chikalowa, phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera lokha, ndipo m'mawa mwake umaliwiritsanso. Kufika pamenepo palibe angandiloze chala.

Kungoti ine ndi munthu wochita zinthu nthawi ikadalipo, ndiye ndinaphika kumayambiriro kwa sabata. Shuga ndinathira mosaumira. Mufiriji munali nkhuku zokhazokha, komanso magetsi sabata imeneyo ankangobwera kudzapereka moni. Choncho ndinalithira m'zigubu ziwiri za malita asanu, zija za mafuta ophikira, n'kumanga zitsekerero zolimba, kapulasitiki mkati, kuti fumbi la Okutobala lisalowe. Mayi akunyumba mpaka lero amati ananena kuti thobwa la m'chilimwe limafuna ndowa yovundikira ndi nsalu kuti lizipuma. Ine mawu amenewo sindinawamve, ndipo mboni palibe.

Loweruka anafika. Wa ku Lilongwe anatsitsa kachewere wa pa Lizulu ndi mango oyamba kupsa a ku Liwonde. Wa ku Blantyre anatsitsa mlendo uja: mtsikana waulemu, diresi loyera mbee, tsitsi lochokera kumene ku saluni. Anagwada potipatsa moni, maso pansi. Mayi ake a mnyamata anandigunda ndi chigongono kusonyeza kuti wakhoza mayeso oyamba.

Dzuwa linali loswa mtengo, m'nyumba ya malata simunkakhalika. Wachisamba anati tikadyere kuphiri kumene kuli kamphepo. Nkhuku ya chikuda inalowa mumphika, mpunga wonunkhira wa ku Chilwa m'poto wina, mkeka pamwamba. Ine ndinakatenga zigubu zanga kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Zinali zitanenepa. Pansi pake panali patatukumuka moti sizinkathanso kuima zokha.

Mkamwini wanga, mwini galimoto, anazisuzumira. "Bambo, zigubuzi zikuoneka ngati zatupa pang'ono."

"Zakhuta," ndinatero. "Thobwa lenileni limatero."

Mkamwini satsutsana ndi apongozi. Anazigoneka m'buti mwakachetechete.

Amene anakwerapo msewu wa ku Ku Chawe akudziwa mmene umakhotera. Kona iliyonse zigubu zinkagubuduka uku ndi uku. Ine ndinali kutsogolo, kulozera wa ku Lilongwe nyumba zakale za boma. Ndinamuuza kuti likulu analitenga mu 1975, nyumba ya malamulo anatilanda mu 1994, koma phiri linawakanika kunyamula, ndi chifukwa chake amabwerabe kudzapuma kuno. Tili mkati mokwera, kumbuyo kunayamba kumveka kaphokoso. Psss. Kusiya. Psss. Mkamwini anaimika galimoto, kutsika, kumenya tayala lililonse ndi phazi, mpaka kugwada kuikapo khutu. Matayala onse anali bwinobwino. Anyamata ogulitsa sitiroberi anatizinga pomwepo, tinagula mbale ziwiri, ulendo n'kupitirira.

Tinayala mkeka pansi pa mitengo ya paini pafupi ndi damu la Mulunguzi, lomwe lija limatimwetsa madzi m'tauni. Monga mkulu wa mpingo ndinatsegula ndi pemphero. Kenako ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinaitanitsa chigubu chimodzi, kuchipana pakati pa mawondo, n'kunena kuti ulemu woyamba upite kwa mlendo.

"Mayi, bweretsani kapu. Mulawe za kwanu kwatsopano."

Mwana wa eni ake anabwera, kugwada patsogolo panga, kapu m'manja awiri. Ndinapotokola chitsekerero pang'ono chabe.

Chitsekerero chimenecho sichinaonekenso. Mwina chili m'damu, mwina chinakagwera ku Domasi. Chimene ndinamva ndi phuu! Thobwa linatuluka ngati paipi ya madzi ikaphulika pamsewu, kulunjika pamene panali mlendo. Ndinayesa kutseka ndi chikhatho, ndipo ndi pamene linagawikana bwino: gawo lina kwa mayi akunyumba ndi chitenje chawo chatsopano, gawo lina m'mphuno mwanga, lotsala kumaso kwa mtsikana. Litaleka, panali zii. Mtsikana anali chigwadire. Diresi loyera lija linali lofiirira, masese a mawere akuyenderera kuchokera m'tsitsi la ku saluni, kudutsa pazikope, kudonthera pachibwano. M'kapu munalibe ngakhale dontho. Anaphethira kawiri n'kunena motsitsa mawu:

"Zikomo, bambo."

Apa ndi pamene mkamwini anakumbukira kuti chigubu chachiwiri chikadali m'galimoto yake yangongole. Anathamanga liwiro limene sindinkadziwa kuti ali nalo, kutsegula buti, kuchinyamula mosamala atachikumbatira pachifuwa. Akanachisiya mwina chikanapirira. Chinamuphulikira mutu uli m'buti momwemo.

Azimayi anamutenga mlendo kupita naye kumadzi. Mnyamata wanga anawatsatira atanyamula nsapato zake, osandiyang'ana. Mkamwini anavula malaya n'kuyamba kupukuta mipando. Pamkeka tinatsala ine ndi mzime, amene anapatsidwa ntchito imodzi yokha, kulondera chakudya. M'malo mwake anayamba kundiphunzitsa. Akuti m'thobwa mumakhala yisiti, yisitiyo imadya shuga n'kutulutsa mpweya ndi mowa, ndipo kukatentha imadya mwaphuma. Akuti ndinaitsekera ndi chakudya chambiri popanda potulukira, msewu unaikhutchumula, komanso phiri ili, limene nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, lili ndi mpweya wopepuka kusiyana ndi wa m'tauni, ndiye wa m'chigubu unapeza mphamvu.

"Adadi, mwachidule munapanga bomba."

Ndinamufunsa ngati fizi yonse ija ndimalipira kuti azidzanyoza bambo ake pagulu. Tili mkati mokangana, tinamva chivundikiro cha mphika chikugwa. Nyani wamkulu, wamphongo, anali atakhala pamphepete pa mkeka, nkhuku yathu ili m'manja. Sanathamange. Anandiyang'ana, kuyang'ana chigubu, n'kunyamuka pang'onopang'ono kulowa m'mapaini. Thobwa sanalikhudze, ndipo ana amati umenewo ndi umboni. Ine ndimati nyani sadziwa zabwino.

Nkhomaliro ya Tsiku la Anakubala inakhala mpunga ndi msuzi, mango ndi sitiroberi. Mlendo anadya atafunda chitenje chobwereka, tsitsi la ku saluni lili padzuwa pamwala. Pansi pa zigubu panatsala thobwa pang'ono, ndipo aliyense analikana. Kuti ndiwaonetse kuti vuto linali msewu osati mphiki, ndinathira kapu n'kumwa. Linali lowawasa, loluma lilime, koma lokoma ndithu. Ndinawonjezera. Ndinapunguliranso za m'chigubu chinacho.

Zimene zinatsatira ndimazimva kwa anthu. Akuti ndinaumirira kuti tipite ku Emperor's View, ndipo kumeneko ndinaima pamphepete, kuloza nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, n'kufotokozera alendo osawadziwa za ulendo wa Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, wa mu 1965 ngati kuti ndinamuperekeza ndine. Akuti potsika ndinayambitsa nyimbo ya kwaya, mavesi onse, mawu a besi ndi a azimayi ndekha. Akutinso pa Chinamwali, kumene tinakatula mlendo kwa azakhali ake, ndinatsitsa galasi n'kupatsa moni mayi wina wa mvano wa kumpingo kwathu pomutchula dzina lake la paubwana. Zonsezi akunena ndi anthu omwe anali ndi mkwiyo wa nkhuku, ndiye muzimve mosamala.

Lolemba ana anabwerera. Mkamwini anaimba foni madzulo kunena kuti afika bwino, kungoti pa rodibuloko wapolisi anasuzumira m'galimoto, kununkhiza, n'kumufunsa kuti wamwa zingati m'mawamawa.

Mtsikana uja sanathawe. Pamsonkhano wokonzekera chinkhoswe anagawa ntchito: mpunga kwa azakhali, nkhuku kwa wachisamba, thobwa kwa amayi a mvano. Ine anandipatsa mipando ndi tenti. Titabalalika, malume ake a mtsikana, bambo aulemu wawo a jekete, anandikokera kuseri kwa galimoto, kuyang'ana uku ndi uku.

"Achimwene, lija la kuphiri lija tinalimva mbiri. Simungatikonzereko kachigubu kamodzi ka akuluakulu okha? Koma potsegula tidzatsegula tokha."