Keke ya amayi itachotsedwa shuga

Tsiku limene adokotala anauza amayi anga kuti ali ndi matenda a shuga, iwo sanadandaule za mapiritsi kapena zodzibaya chala m'mawa uliwonse. Tili m'njira anangondifunsa kuti, "Ndiye kuti keke ija umandiphikira ndatsanzikana nayo?" Ndinayankha msangamsanga kuti ayi, osadziwa kuti ndadzisenzetsa katundu.

Ndinagula paketi ya sucralose, mankhwala otsekemeretsa zakudya m'malo mwa shuga, oyera ngati shuga yemwe. Papaketipo analemba kuti kapu imodzi ilowe m'malo mwa kapu imodzi ya shuga, ndipo ndinachita zomwezo osasintha china chilichonse. Chimene chinatuluka mu uvuni chinali chophwatalala, chotuwa, chouma moti mpeni umachita kulira podula. Kutsekemera kokha ndiko kunalipo. Amayi anadya kachidutswa, namwera madzi, n'kunena kuti, "Wayesetsa mwanangu." Mawu amenewo ndimawadziwa tanthauzo lake.

Chinandiululira vuto ndi sikelo. Kapu ya shuga imalemera pafupifupi magalamu 200, pomwe kapu ya ufa wotsekemeretsa uja sinkafika ndi pa magalamu 30 pomwe. Sucralose weniweni amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 600, choncho m'paketimo amakhalamo wochepa kwambiri, zotsalazo ndi maltodextrin, ufa wopangidwa kuchokera ku mbewu ngati chimanga, wongodzazitsira kapu. Ndiye kuti ndinachotsa gawo lalikulu la thupi la keke n'kuikapo mphepo.

Komanso shuga ali ndi ntchito zina zimene sitimuyamikira. Pomenya batala ndi shuga, timiyala ta shugato timaboola batalayo n'kusiya timabowo ta mpweya, ndipo timabowo timeneti ndi timene timatupa keke ikamva moto. Shuga amagwira madzi, n'chifukwa chake keke imakhalabe yofewa patapita masiku atatu. Amafooketsanso ulimbo wa mu ufa wa tirigu kuti keke isatafunike ngati buledi. Ndipo kufiirira kwa pamwamba kuja, ndi fungo lake lomwe, zimachokera kwa iye akatentha. Mankhwala otsekemeretsawa sagwira ngakhale imodzi mwa ntchito zimenezi.

Ndisanakonze keke ndinayamba ndawononga kasitadi. Ndinathira aspartame, mankhwala enanso otsekemeretsa, mu mkaka uli pamoto n'kuusiya ubwate, ndipo polawa kutsekemera kunali kutathawa. Aspartame amaphwasuka akakhalitsa pamoto, motero amafunika kuthira poto ataphulidwa kale. Mu uvuni asalowemo n'komwe. Ali ndi chinthu chotchedwa phenylalanine, ndiye amene ali ndi matenda obadwa nawo a PKU, olepheretsa thupi kugaya chinthu chimenechi, sayenera kumukhudza. Saccharin, mkulu wa onsewa chifukwa anatulukiridwa mu 1879, moto sauopa, koma amasiya kakuwawa kukhosi ngati wanyambita supuni yachitsulo. Stevia nayenso amawawira mukangopyola muyezo pang'ono. Erythritol ndimamukonda chifukwa ali ndi thupi, amadzaza kapu ndi kulemera komwe, ngakhale kutsekemera kwake kumangofika pa magawo 70 mwa 100 a shuga. Vuto lake n'lakuti amazizira m'kamwa ngati mankhwala otsukira mano, ndipo chakudya chikagona mufiriji amabwereranso kukhala timiyala tolira m'mano. Xylitol sindimulowetsa m'nyumba chifukwa tili ndi galu, ndipo kwa galu ndi poizoni ngakhale atadya pang'ono.

Nditayesa kangapo, ndinakhazikika pa njira iyi. Ndimasakaniza sucralose ndi erythritol theka ndi theka, wina abise zofooka za mnzake. Pa kapu iliyonse ya sucralose ndimawonjezera theka la kapu ya mkaka wa ufa ndi theka la supuni ya tiyi ya soda. Mkakawo umabwezera thupi lija, ndipo umathandiza keke kufiirirako. Ndimaikanso masupuni awiri akuluakulu a yogati yosatsekemera kuti isaume.

Mazira ndimawalekanitsa. Zachikasu zimapita ku batala, zoyera ndimazimenya pazokha mpaka thovu liime nji, loti mbale mutaizondotsa silingagwe. Thovu limenelo ndimalilowetsa komaliza, pang'onopang'ono ndi supuni, osatakasa mwamphamvu. Mpweya umene shuga akanatsekera mu batala ndimaupeza pamenepa. Ndi ntchito yotopetsa mkono, koma nthawi imene ndinachita ulesi n'kudumpha, keke inabwerera ku chikhalidwe chake choyamba chija.

Thini ndinasintha, kuchoka pa ya masentimita 23 kupita pa ya 20, poti zosakanizazo zimakhala zochepa ndipo m'thini yaikulu zimangoyala ngati mphasa. Pamwamba ndimapakapo mkaka pang'ono ndisanalowetse mu uvuni wa madigiri 180.

Pa nthawi ndi pamene ambiri amagwa. Keke yotere imapsa msanga, koma maonekedwe ake amanama. Mumaiona ili yotuwa n'kumati isiyeni ifiire, pomwe m'kati yauma kalekale. Ine ndimayamba kuibaya ndi kamtengo kotokosera m'mano kutatsala mphindi 8 kapena 10 kuti nthawi ya masiku onse ikwane. Kamtengoko kakatuluka koyera ndimaitulutsa, kaya yafiira kaya ayi. Ikazizira ndimaikulunga bwinobwino, ndipo imene sitidya m'masiku awiri ndimaidula zidutswa n'kuumitsa mufiriji.

Mabisiketi savuta kwambiri, kungoti sayala okha, ndiye ndimawapsinja ndi foloko asanalowe. Pa buledi, yisiti sadya mankhwalawa. Ndimasiyamo supuni imodzi ya tiyi ya shuga weniweni, kapena ndimangodikira nthawi yotalikirapo kuti yisitiyo apeze chakudya mu ufa momwemo. Jamu ndinasiya kupanga wambiri, chifukwa popanda shuga amachita nkhungu msanga.

Chimene namwino anatikumbutsa, ndipo ine ndinali nditachiiwaliratu, n'chakuti ufa wa tirigu nawo umasanduka shuga m'magazi, maltodextrin uja chimodzimodzi. Keke yopanda shuga si chilolezo chodya theka lathunthu. Ngakhale bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2023 linalangiza kuti anthu asadalire zotsekemeretsa monga sucralose, aspartame ndi stevia pofuna kuchepetsa thupi, ngakhale kuti malangizowo sankanena za amene ali kale ndi matenda a shuga.

Ndiye timachita chonchi: ndimadula kachidutswa kotalika ngati zala ziwiri, amayi amadya atamaliza chakudya chamasana, ndipo pakatha maola awiri amadziyeza n'kulemba nambala m'kabuku kawo. Sabata yatha ndinawapeza atatsegula firiji, akumasula pepala la kachidutswa kachiwiri. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndimangofuna ndione ngati sikanawonongeke."