Kulumikiza kandege ka rimoti kuno ku Chigwa cha Shire

Amene mwagula kandege ka rimoti kobwera m'bokosi zidutswazidutswa, musathamangire guluu. Yesani kaye kulowetsa mapiko ndi mchira musanamate. Mchira ukapendekeka pang'ono chabe, kandegeko kazingokokera mbali imodzi.

Supaguluu wamba amadya fomu yoyera imene amapangira tindege timeneti mpaka kuboola. Guluu wosungunula ndi moto nayenso ndi wosadalirika kuno, amafewa kandege kakakhalitsa padzuwa la Okutobala la ku Ngabu kapena Bangula. Epoxy, guluu wobwera m'mbali ziwiri zosakaniza, ndiye yabwino: sakanizani mbali ziwirizo mofanana, pang'ono pokha nthawi imodzi, poti kukatentha imauma msanga.

Poyesa ma servo (timakina toyendetsa tizitseko towongolera ta pamapiko ndi pamchira), pulopela ikhale yochotsa, imadula zala. Yatsani rimoti kaye, kenako batire, ma servo akhale pakati, ndiye mumange timikono take. Mota ikamazungulira chobwerera, sinthanitsani mawaya awiri mwa atatu a motayo, basi.

Chimene chimagwetsa tindege tambiri ndi kulemera kumchira. Kuti muone kumene kakulemera, kanyamuleni ndi zala ziwiri kunsi kwa mapiko, pafupifupi kota ya m'lifupi mwake kuchokera kutsogolo. Mphuno iweramire pansi pang'ono. Ikadzuka, sunthirani batire kutsogolo, apo ayi kandege kazingonyanyuka n'kumenyetsa pansi.

Batire ya mtundu wa LiPo ya 3S, kutanthauza ya maselo atatu, ndi 11.1V. Selo iliyonse imadzadza pa 4.2V, ndipo isatsike kupitirira 3.3V. Musaisiye m'galimoto yotseka masana, ndipo yotupa musaitchajenso, imayaka moto.

Ulutsani m'mamawa mphepo isanayambe, pabwalo la mpira lopanda mawaya a magetsi. Mukatera pamchenga, uzirani mota musanaiyatsenso.