Agogo a pa makatoni

Lachinayi usiku, ku Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Azakhali agona kale m'chipinda cha ana, afunda mabulangete atatu. Ine tulo tandithawa.

Basi yawo yochokera ku Blantyre inkayenera kufika dzuwa lisanalowe, koma woyenda njira ya ku Tete amadziwa mmene zimakhalira: Mwanza, Zobue, kenako Nyamapanda, chipata chilichonse ndi mzere wake. Inalowa mu Roadport, depoti ya mabasi ochokera kunja, 10 koloko itakwana. Ndinali nditaima pamenepo kuyambira madzulo, chisanu cha Julayi chikulowa mpaka m'mafupa. Azakhali anatsika ndi chikwama chachikulu, kumutu atasenza kathumba ka usipa. Mtengo umene a taxi ananena sindikanaukwanitsa, choncho tinaganiza zoyenda wapansi mpaka ku Copacabana, kumene timakwerera makombi akwathu. Kumeneko n'kudula tawuni yonse.

Ndinachita zimene aliyense wa kuno amachita. Foni ndinaiika m'thumba lam'kati, ndalama ndinazigawa pawiri, zina m'sokosi. Ndinawauza azakhali kuti tiziyenda m'mphepete mwa msewu weniweniwo osati m'makhonde a masitolo, ndipo galimoto ya mushikashika, zija zonyamula anthu popanda chilolezo, ikaima, tisakwere. Mu Robert Mugabe Road munali mukadali amayi angapo akulongedza tomato ndi kaunjika, akuunikira ndi tochi za pafoni. Titawoloka Julius Nyerere Way, anthu anayamba kuchepa, mdima n'kuchuluka.

M'makhondemo munali mutagona anthu, mzere wautali, pa makatoni, ena atadzikulunga ndi masaka ndi mapulasitiki. Pakona anyamata atatu ankawotha moto wa zinyalala, mmodzi kabotolo ka guluu kali pamphuno. Mtima wanga unkagunda. Azakhali, poti sadziwa kunong'ona, anafuula: "Mayo ine! Anthu onsewa alibe kwawo?"

Mawu anachokera pansi, pa makatonipo, m'Chichewa chathu chomwechi: "Kwathu kulipo mayi, koma n'kutali."

Ndinafuna kuwakoka dzanja kuti tizipita. Iwo anali atatula kale usipa uja pansi, akuwomba m'manja. "Muli bwanji bambo?" Anadzuka nkhalamba yaimvi, jekete long'ambika, nsapato itazimangirira pamkono ndi chingwe. Chichewa chawo chinali chosakanikira ndi Chishona, ngati cha agogo ambiri a ku Mbare ndi ku Epworth. Anati bambo awo anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, kudzagwira ntchito pa famu ya fodya. Iwowo anabadwira pa famupo, anakulira pomwepo, anakwatira pomwepo. Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, ntchito inatha ndipo nyumba inapita limodzi ndi ntchitoyo. Anzawo a Chishona anabwerera kumidzi kwawo. Iwo akanabwerera kuti? Anapeza kachisakasa kuseri kwa nyumba ya munthu ku Mbare, ndipo kameneko kanagwetsedwa mu 2005, pa Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba ndi misika imene linati n'zosavomerezeka.

Chaka chimenecho ndimachikumbukira, ndinali mnyamata. Kunkazizira ngati lero, mabanja akugona panja pambali pa makabati ndi mabedi awo. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, kapena popezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Ambiri anadzukanso pang'onopang'ono. Sindinaganizepo zoti ena sanadzukenso mpaka lero.

Chimene chandisowetsa tulo n'chakuti ku Dedza kumene akuti kwawoko sanapondeko n'kamodzi komwe. Ife timawatchula machona anthu otere, ngati kuti anachita kusankha. Munthu wobadwira pa famu, chitupa chake chitalembedwa kuti ndi mlendo, anachona bwanji? Malamulo a dziko a 2013 anatsegula njira yoti ana a anthu ochokera m'maiko oyandikana nawo akhale nzika, koma pamafunika kalata yakubadwa, ndipo agogowa akuti mapepala awo onse anatayika tsiku limene kachisakasa kanagwetsedwa.

Titatsanzika anatiletsa. "Musadzere kutsogoloko, mwana wanga. Pali anyamata osuta mutoriro, mankhwala ozunguza bongo aja, chikwamachi sachisiya." Anapinda makatoni awo, n'kuwakwapatira m'khwapa kuti asawapeze atatengedwa, ndipo anatitsogolera njira ina yokhota, yodutsa pamene pali alonda a masitolo. Mlonda aliyense ankawadziwa. M'njira anatiuza kuti bulangete lawo labedwa kawiri chaka chino, kuti usiku sagona tulo teniteni koma amangosinza, ndipo chimene amaopa kwambiri ndi oledzera otuluka m'mabala, amene amaponda munthu wogona mwadala.

Sindikunena kuti m'tawuni muno usiku muli mtendere. Mulibe. Mnzanga wa kuntchito anam'tsomphola foni mwezi watha, ndipo mlongo wanga sindingamulole kuyenda yekha njira imeneyi. Koma kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuika m'gulu limodzi wakuba ndi wogona pakhonde, ndipo lero manyazi andigwira. Ine mantha anga anali a theka la ola. Agogo aja amakhala nawo mpaka tambala alire, tsiku ndi tsiku.

Pa Copacabana tinapeza kombi imodzi ikudzaza. Woitanira atawaona agogowo anayamba kuwathamangitsa, azakhali n'kumudzudzula m'Chichewa mpaka anakhala chete, ngakhale sanamve mawu ndi amodzi omwe. Kenako anamasula kathumba kaja, anatapa usipa manja awiri n'kukulunga m'chitenje chawo chatsopano. Agogo anati m'mawa akauphika m'chitini kumtsinje wa Mukuvisi, kumene amakachapa. Anaununkhiza nthawi yaitali.

Injini italira anayandikira pawindo. "Mayi, phiri la Dedza n'lalitalidi ngati mmene ankanenera bambo anga?"

"N'lalitali bambo," anayankha azakhali. "M'mawa limafunda mitambo."

Njira yonse mpaka kunyumba sitinalankhulane. Ndatulutsa jekete langa lakale ndi bulangete limodzi, ndaika pakhomo kuti ndisaiwale popita kuntchito. Khonde lake ndalisunga m'mutu: lachitatu kuchokera pakona, la zitseko zachitsulo zobiriwira. Dzina lawo sindinawafunse, ndikafunsa mawa.